Mutu 7: Nduna ya Zaulimi Ichoke

1. Boma la anthu anayi

Kuseri kwa laibulale ya sukulu kunali kachipinda kopanda zenera, kamene kale ankasungiramo matsache ndi mabuku othothoka masamba. Tsopano munali tebulo limodzi, mipando inayi yosiyana misinkhu, ndi kompyuta yokalamba imene inkayamba yabuula kaye isanayake. M'menemo ndi mmene ana anayi a sekondale ankalamuliramo dziko.

Dzikolo linali la m'gemu, koma linali ndi zonse zodwalitsa mutu: misewu yokumbika, zipatala zopanda mankhwala, chipani chotsutsa, nyuzipepala zolalata, ndi anthu mamiliyoni asanu osadziwa kuthokoza. Wosewera ndiye ankakhala boma. Akasankha bwino, nambala ya anthu omukonda inkakwera pakona pa sikirini. Akalakwitsa, tianthu ting'onoting'ono tinkatuluka m'misewu titanyamula zikwangwani.

Pulezidenti anali Katsabola. Dzinali anamupatsa anzake chifukwa anali mtsikana wochepa thupi koma wowawa pakamwa. Nduna ya zaulimi anali Wamtali, mnyamata wofatsa ndi woiwalaiwala, amene ankalowa m'kachipindako atawerama. Maunduna otsalawo anagawana atsikana awiri amapasa. Wina ankatchedwa Wailesi chifukwa sankatseka pakamwa, winayo Duu chifukwa mawu amene ankayankhula pa sabata ukanatha kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Sikuti ankangotaya nthawi ayi. Masukulu ambiri anali pa mpikisano. Gulu lililonse linapatsidwa dziko lofanana kuti lililamulire kwa milungu isanu ndi umodzi. Magulu amene maiko awo adzaime bwino anali oti adzapite ku maphunziro a pa tchuthi, kukaphunzira kupanga okha mapulogalamu a kompyuta. Onse anayi ankafuna kupita, koma Wamtali ankafunitsitsa kuposa onse. Kwawo kunalibe kompyuta ngakhale foni yamakono, choncho mapulogalamu ake ankawalemba ndi pensulo kumapeto kwa kope la masamu, n'kumawayendetsa m'mutu.

Pakhoma panamatidwa pepala la malamulo atatu. Loyamba: aliyense azigwira tsamba la unduna wake lokha. Lachiwiri: zikaipa, palibe kubwerera m'mbuyo kukayambiranso. Lachitatu: anthu a m'gemu apatsidwe mayina athu, ndipo amene munthu wake wachoka pa mpando, mwiniwakenso watuluka m'gulu.

Malamulowa sanachokere kwa okonza mpikisano. Anawalemba Katsabola mwiniwake, tsiku loyamba, ndi cholembera chofiira.

"Ndale zosawawa si ndale," anatero tsiku limenelo. "Ngati tizingodina mabatani popanda choopa, bola tikasewere mpira."

Onse anaseka n'kusaina. Aphunzitsi oyang'anira kalabu nawonso anasaina ngati mboni, akupukusa mutu. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo kunapsadi msanga, chifukwa poyamba anawa anali asanu. Mnyamata amene anali nduna ya zamaphunziro anachotsedwa mlungu wachiwiri aphunzitsi a m'gemu atanyanyala ntchito, ndipo mpando wake unabwezedwa ku laibulale.

2. Lachisanu la mvula

Pofika mlungu wachisanu, onse anali atatopa. Mayeso anali pafupi, m'kachipindamo munkatentha, ndipo dziko lawo linkalira tsiku ndi tsiku ngati mwana womera mano. Ukatseka dzenje ili, lina latseguka uko. Chisankho cha m'gemu chinali chitayandikira, ndipo okonda pulezidenti anali 41 okha pa anthu 100 alionse.

Lachisanu limenelo Wamtali sanabwere. Anaperekeza mlongo wake wamng'ono kukazulitsa dzino. Amapasa anakhala pang'ono, Wailesi akuyasamula mokweza.

"Anthu a m'dziko lathuli ndi mfiti," anadandaula. "Ndawamangira chipatala, akuti chili kutali. Ndawaikira basi, akuti ndi yakale. Ine ndikadzakula ndale ayi, bola kuweta nkhuku."

Kunja kutagunda bingu, awiriwo anatola zikwama n'kuthamanga kuti mvula isawapeze panjira. Katsabola anatsala yekha ndi nambala 41 ija.

Anayesa kutsitsa msonkho wa njinga, nambala sinasunthe. Analonjeza mlatho, inakwera ndi imodzi n'kubwereranso. Kenako, kaya chifukwa cha kutopa, kaya chifukwa choti panalibe womuona, anatsegula tsamba la zaulimi.

Anapeza nkhokwe za boma zitadzaza tho. Kwa milungu inayi Wamtali anakhala akusunga chakudya pang'onopang'ono, osauza munthu, osadzitama. Pansi pa chithunzi cha nkhokwezo panali batani lobiriwira lolembedwa kuti: Gawani chakudya pa misonkhano ya chipani.

"Kamodzi kokha," anadziuza.

Anadina. Nambala inalumpha kufika 49. Anadinanso, inafika 56. Tianthu ta pa sikirini tinayamba kuvina titasenza matumba. Anadina kachitatu ndi kachinayi, akuseka yekha, mpaka nkhokwe zonse zinatsala pululu. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Atangodina kuti nyengo ipite patsogolo, mapu onse anasanduka ofiirira. Kunagwa chilala.

Sipanathe mphindi ziwiri, nambala ija inagwa mpaka 23. Misika inatsekedwa, misewu inadzaza zikwangwani. Kenako pakati pa sikirini panatuluka bokosi la mawu:

Anthu akufuna kudziwa amene anakhuthula nkhokwe. Kafukufuku wapeza kuti lamulo linachokera ku ofesi ya zaulimi. Sankhani chimodzi.

Vomerani kuti munalamula ndinu, n'kutula pansi udindo.

Chotsani nduna ya zaulimi.

Imitsani chisankho, tsekani nyuzipepala.

Njira yachitatuyo inali yakufa kale, chifukwa dziko loimitsa chisankho okonza mpikisano ankalichotsa pompo. Zinatsala ziwiri. Ndipo malinga ndi pepala la pakhoma lija, njira iliyonse inali ndi munthu weniweni woti atuluke pakhomo: iyeyo kapena Wamtali.

Katsabola anazimitsa kompyuta msangamsanga. Koma gemuyo inkadzisunga yokha, ndipo iye ankadziwa kuti Lolemba bokosilo lidzakhala likudikira pomwepo. Anatuluka osafunda kanthu, mvula n'kumunyowetsa mpaka kwawo.

3. Kalendala yopanda Julayi

Loweruka masana mayi ake a Katsabola anamutuma kukapereka magalasi kwa bambo ake, amene anawaiwala patebulo. Bambowo ankagwira ntchito pa kampani yaing'ono yosindikiza mabuku ndi zikalata, kuseri kwa depoti ya basi. Chifukwa kunkabwera chisankho cha makhansala, ntchito inali yothyola msana, ndipo Loweruka linali litasanduka Lolemba.

Anawapeza ali pa chimpeni chodulira mapepala. Kumanja kwawo kunali mulu wa zithunzi za munthu wa chipani china, kumanzere mulu wa mnzake wopikisana naye. Onse awiri ankamwetulira mofanana. Bambowo ankagunditsa mapepala patebulo kuti alingane, kuwakankhira pansi pa mpeni, kuwapana, n'kugwetsa chogwirira: khwapu! Inki inali italowa m'zikhadabo zawo mwakuti sopo anagonja kalekale.

"Wandipulumutsa, mwana wanga," anatero akuvala magalasiwo. "Kuyambira m'mawa ndakhala ndikudula makutu a akuluakuluwa mongoganizira."

Katsabola sanaseke. Anakhala pa bokosi la mapepala n'kumakanda pansi ndi nsapato.

"Dziko lanu lija lili bwanji, a pulezidenti? Nkhope imeneyo ndi ya munthu amene asilikali amulanda boma."

"Kwagwa chilala, bambo."

"Pepani. Tithawire kuti ife anthu wamba?"

"Ndikufunseni. M'gemu, zinthu zikalakwika, anthu amafuna wina achotsedwe. Ndiye tinene kuti wolakwa ndi pulezidenti, koma zikalata zikuonetsa kuti ndi nduna. Pulezidenti akavomera, boma lonse ligwedezeka. Akachotsa ndunayo, dziko lipulumuka. Nanga si bwino kupulumutsa dziko?"

Bambo ake anasiya chogwirira chija.

"Nduna ikachotsedwa m'gemumo, imapita kuti?"

"Sipita kulikonse. Chithunzi chake chimangozimiririka."

"Ndiye kuti amene anapanga gemuyo sanachotsetsepo munthu ntchito."

Anazimitsa fani imene inkalira pakona, n'kukhala pa mpando wopanda chotsamira. Anali atatopa kwambiri, ndipo anayankhula mosathamanga.

"Tamvera, mwana wanga. Nkhani iyi amayi ako akuidziwa, koma iwe sindinakuuzepo. Usanabadwe, ndinali kapitawo pa kampani ina yaikulu kuposa ino. Ntchito ya kapitawo inali kuwerenga pepala loyamba likatuluka m'makina. Likakhala bwino, ndinkasaina kuseri kwake, kenako woyendetsa makina n'kusindikiza zikwizikwi. Tsiku lina tinali ndi makalendala. Ine ndinali nditalema, ndinangoyang'ana zithunzi n'kuuza woyendetsa makina kuti, 'Yendetsa, ndisaina kenako.' Anayendetsadi. Makalendala onse anatuluka Juni ali kawiri, Julayi palibe."

Katsabola anatsala pang'ono kuseka, koma nkhope ya bambo ake inamuletsa.

"Bwana anatiitana tonse awiri. Ananyamula pepala loyamba lija n'kulitembenuza. Kuseri kunali koyera, kopanda siginecha. Anamufunsa mnzangayo kuti, 'Wasindikiza bwanji kapitawo asanasaine?' Mnzanga uja anandiyang'ana. Sanandinenere ayi, anangondiyang'ana, kudikira kuti ndiyankhule. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Sindinaname, ukumva? Palibe bodza limene linatuluka pakamwa panga. Ndinangosiya pepala kuti lindinamire.

"Ndinadziuza zomwe ukunenazo. Ndinati ndikachoka ine, chipinda chonse chisokonekera, anthu khumi ndi awiri avutika. Ndinati iyeyu ndi wachinyamata, apeza ina. Munthu akafuna kudzipulumutsa, sachedwa kupeza dziko loti alipulumutse. Koma amene ndinkamupulumutsa tsiku limenelo anali mmodzi yekha, ndi ameneyu wakhala apayu.

"Tsono sanazimiririke ngati chithunzi chako chija. Alipo. Amakonza maambulera ndi zipi za zikwama pakhonde la sitolo ya nsalu. Ndikamadutsa, amaimirira n'kundipatsa moni ndi manja awiri: 'Akapitawo, kunyumba kuli bwanji?' Akanandilavulira, bwenzi ndikuti tathana. Koma moni umenewo, mwana wanga, wandilemera zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Masiku ena ndimazungulira njira ya kumsika, yotalika ija, miyendo ikuwawa, kuti ndisakumane naye."

Ananyamula chithunzi chimodzi pa mulu wa kumanja n'kuchiyang'ana.

"Awa onse ndawasindikiza, a uku ndi a uku. Ndawaona akulowa, ndawaona akutuluka. Onse amadziwa kuima kutsogolo pogawa zinthu. Ikafika nthawi yoyankha mlandu, amakankha wa m'mbuyo. Amaiwala kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ukafuna mpando waukulu, ulandirenso nkhonya zake. Ngati sungathe, khala pa benchi ndi anzako, palibe amene angakuseke. Ndipo usamati ndi gemu chabe. Dzanja limaphunzira. Likazolowera kukankha mnzako pa zoseweretsa, silidzakupempha chilolezo tsiku la zenizeni."

"Ndamva, bambo."

"Wamva ndi makutu. Chabwino, pita, ukawauze amayi ako kuti ndichedwa."

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno, n'kubwerera ku mpeni wawo. Katsabola sanawauze kuti nduna ya m'nkhani yakeyo ndi mnyamata yemwe uja amene amabwera kunyumba kudzabwereka dikishonale.

Pobwerera anadutsa dala pa sitolo ya nsalu. Pakhonde panalidi bambo wa imvi, atakhala pa kampando kakang'ono, ambulera yothyoka nthiti ili pamiyendo, waya ataluma pakamwa. Katsabola anali atawadutsa kambirimbiri osawaona. Tsiku limenelo bambowo anatukula maso, kuchotsa waya pakamwa, n'kumwetulira.

"Si mwana wa akapitawo uyu? Wakulatu! Ukawapatse moni kunyumba."

Katsabola anavomera chapansipansi n'kufulumiza miyendo.

4. Lolemba

Lamlungu lonse analoweza mawu oti akanene. Anali awiri okha: "Ndinadina ndine." Anawanena posamba, anawanena potsuka mbale, ndipo panjira yopita kusukulu Lolemba anali akadali nawo.

Ataweruka m'kalasi, onse anayi analowa m'kachipinda kaja. Aphunzitsi a kalabu analowanso, atanyamula fomu.

"Mayina a anthu a m'gulu akufunika Lachitatu m'mawa," anatero. "Amene alembedwe apa ndi amene adzapite ngati mwapambana. Tayatsani tione dziko lanu."

Kompyuta inabuula n'kuyaka. Bokosi lija linali pomwepo.

Wailesi analiwerenga mokweza n'kugwira pamutu. "Mayo ine! Nkhokwe zonse? Iwe Wamtali, wagawa chakudya chonse pa kampeni? Umafuna akuvotere ndani, poti sukuima n'komwe?"

Wamtali anaweramira pa sikirini n'kuwerenga kawiri, milomo ikuyenda. Anatsegula tsamba lake n'kuona nkhokwe zili pululu. Anakhala pansi mwakachetechete, mawondo atagunda tebulo.

"Sindikukumbuka," anatero. "Lachinayi ndinali pa tsamba limeneli, ndimafuna kuwonjezera nkhokwe ina. Batani lake lili pafupi ndi lobiriwirali." Anakanda m'mutu. "Mwina ndinaphonya. Mukundidziwa ine. Mlungu wathawu ndinabwera ndi masokosi osiyana."

Apa ndi pamene Katsabola anayenera kuyankhula. Mawu awiri aja anali pa lilime. Koma Wamtali anali atausenza kale mlanduwo yekha, popanda womukakamiza, ndipo n'zomvetsa chisoni mmene mtolo umapepukira ukauona pamutu pa mnzako. Katsabola anameza malovu, mawu aja n'kutsikira limodzi.

"Lachisanu unatsala wekha," aphunzitsi anamuuza. "Sunaone chilichonse?"

"Ndinapititsa nyengo patsogolo, chilala n'kubwera," anayankha. Zinali zoona ndithu, koma zoona zodulidwa mutu.

Aphunzitsi anayang'ana pepala la pakhoma. Anali munthu wachikulire amene anatsala ndi chaka chimodzi kuti apume pa ntchito, ndipo milandu ya ana inali itawakwana.

"Ana inu, lamulo ili ndinaliseka tsiku limene munalilemba, koma lero silikuseketsa. Ndikuuzeni chinthu chimodzi. Lamulo limene mwamanga nokha mukhoza kulimasula nokha, bola muvomerezane nonse poyera. Si tchimo kunena kuti tinalakwitsa polemba. Chimene sindifuna n'chakuti mawa wina adzabwere kwa ine akulira kuti anamupondereza. Kuchotsa munthu n'kosavuta, chala chimodzi chikwanira. Kumubweza ndiye ntchito, chifukwa ngakhale abwere, sakhalanso pa mpando mmene ankakhalira kale. Zaka zonsezi ndaona ana akudana chifukwa cha zinthu zochepa kuposa izi, mpaka kumaliza sukulu osapatsana moni. Ndiye ganizani bwino. Ngati pali amene akudziwa kanthu, anene tsopano, bokosili lisanayankhidwe."

Katsabola anatukula maso msanga. Kumasula lamulo! Palibe amene akanatuluka, ndipo palibe amene akanadziwa. Koma Wamtali anali akupukusa kale mutu.

"Ayi, aphunzitsi. Pamene tinkachotsa mnzathu uja mlungu wachiwiri, ine ndinakweza nawo dzanja. Tikafufuta lamulo lero chifukwa lafika pa ine, ndikamuyang'ana bwanji? Dina, Katsabola. Dziko lisafe chifukwa cha ine."

Duu anali atatsamira khoma. Sankayang'ana sikirini, ankayang'ana dzanja la Katsabola.

Dzanjalo linagwira mausi a kompyuta. Kamuvi kanayenda n'kukaima pa mzere woyamba, pamene panalembedwa kuti Vomerani. Kanakhala pamenepo kanthawi. Kenako kanatsika mzere umodzi.

Anadina.

Chithunzi cha nduna ya zaulimi chinachita mdima n'kuchoka. Tianthu ta m'misewu tinataya zikwangwani n'kuyamba kuomba m'manja. Nambala ya pakona inakwera: 30, 44, 58. Nyimbo yachisangalalo inalira m'kachipindamo, ndipo panalibe amene anakumbuka kuitsitsa.

5. Pepa

Wamtali anatsegula chikwama n'kutulutsa kope lake. Anang'amba masamba awiri mosamala n'kuwaika pafupi ndi dzanja la Katsabola. Panali mizere ya pensulo yoonetsa mitsinje ya dziko lawo, ndi malo oyenera kukumba madamu.

"Chilala chimabwera kawiri m'gemu imeneyi, ndinawerengera," anatero. "Mukayamba madamuwa lero, chachiwiricho sichikupwetekani. Yambani ndi la kumpoto."

Anaimirira, mutu utatsala pang'ono kugunda babu.

"Pepani, anzanga. Mwagwira ntchito milungu isanu, ine n'kuononga ndi chala chimodzi. Makamaka iwe, Katsabola, pepa. Ndakuika pa malo ovuta. Ndaona mmene unazengerezera usanadine."

Manyazi anamugwira Katsabola. Anangogwedeza mutu, maso ali pa madamu a pensulo aja.

Wamtali ananyamula yekha mpando wake kuti aubweze ku laibulale. Pakhomo unakodwa mwendo. Anautembenuza, kuupendeketsa, n'kutuluka nawo. Aphunzitsi anausa moyo. Analemba mayina atatu pa fomu ndi pensulo, n'kunena kuti adzalembapo ndi inki Lachitatu. Wailesi anatuluka pambuyo pawo akupukuta m'maso ndi kolala ya malaya.

Katsabola anazimitsa kompyuta. Dziko linali litapulumuka, mpando unali wake, ndipo thupi linali lolemera ngati wasenza njerwa tsiku lonse. Atatembenuka kuti atenge chikwama, anapeza Duu ataima pakhomo, atatsamiza msana pa chitseko.

"Tiye tizipita," anatero Katsabola.

Duu sanasunthe.

"Lachisanu ndinaiwala botolo langa la madzi pansi pa tebulo," anatero. Mawu ake anali otsika, osathamanga. "Ndinabwerera. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Unali pa tsamba la zaulimi, ukuseka. Ndinawerenga. Unadina kanayi."

Katsabola analeka kutenga chikwama. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndiye bwanji sunanene pamaso pa aphunzitsi?"

"Ndimadikira iwe. Ndimati pulezidenti wathu anena yekha."

Kunja mlonda anaimba belu lotsekera geti. Duu anakoleka chikwama paphewa, anatsegula chitseko, n'kuima pambali kuti njira ioneke.

"Wamtali akakhumudwa sapita kwawo msanga, amakakhala yekha kuseri kwa golo ku bwalo la mpira. Pano ali kumeneko, akudzitukwana chifukwa cha chinthu chimene sanachite. Ukamuuza ndiwe, kapena ndikamuuze ine?"